Mukatengera ana a sukulu ku munda wa zomera ku Zomba

Aphunzitsi anzanga muno mu Blantyre, ngati mukukonza ulendo wa ana ku Botanic Gardens ku Zomba, musanyamuke chimanjamanja. Kutatsala sabata imodzi, mwana aliyense akafunse agogo ake mayina a mitengo itatu ndi ntchito yake: mbawa, mlombwa, masuku, kaya nsangu wa m'munda uja. Akakafika n'kuuona mtengowo ndi maso, amayamba kutsutsana okha, ndipo phunziro limalowa kuposa kungomvera wamkulu akulankhula.

Musawalole kuthyola nthambi kapena kutola njere osapempha. Ya minibasi ikavuta, phiri la Michiru lili pompano. Mukabwerako, fesani njere m'machubu cha mu Seputembala, mbande zidzakhale zitakula podzawokera mvula ikakhazikika mu Disembala.