Kayendetsedwe ndi kasamalidwe ka galimoto ya mipando iwiri yotsegula denga mu Lilongwe

Musanaitanitse galimoto yotereyi kuchokera ku Japan, yambani mwaunika msewu umene mumadutsa tsiku ndi tsiku, chifukwa ndiwo udzagamule ngati galimotoyo ikukuyenerani. Mazda MX-5, imene ku Japan imatchedwa Roadster ndipo inayamba kugulitsidwa mu 1989, ndi yotsika kwambiri, moti kuchokera pansi kufika kumimba kwake pali masentimita pafupifupi 14 okha. Wokhala ku Area 10 amene amagwira ntchito ku City Centre sangavutike kwenikweni, koma amene amayamba wayenda mtunda pamsewu wafumbi asanafike pa tala, monga mmene zilili m'mbali zina za Area 25 ndi Area 49, aganizire mofatsa za matope a m'dzinja.

Pamsewu wabwino galimotoyi imakoma kuyendetsa. Imalemera pafupifupi tani imodzi, injini ili kutsogolo pamene mphamvu imapita ku matayala a m'mbuyo, ndipo imamvera chiwongolero msanga, zimene mungazimve bwino pamakona a msewu wopita ku Dedza. Ubwino womwewo umafuna ulemu. Mvula yoyamba ikagwa mu Novembala, fumbi ndi mafuta zimene zaunjikana pa tala zimachititsa msewu kuterera, ndipo mukaponda moto mwamphamvu potuluka pa raundabauti, kumbuyo kwa galimoto kumatha kutsetsereka. Pondani pang'onopang'ono kufikira chiwongolero chitawongoka. Pa mahampu chepetsani liwiro kwambiri ndipo, ngati mpata ulipo, kwerani mopingasa pang'ono kuti tayala limodzi liyambe kukwera.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti oyendetsa malole ndi maminibasi sakuonani msanga. Mumsewu wa M1 cha ku Kanengo musamayende nthawi yaitali m'mbali mwa lole, ndipo ndi bwino kuyatsa nyali ngakhale masana.

Denga la nsalu ndilo limafuna chisamaliro chochuluka. Musalipinde lili lonyowa, chifukwa limachita nkhungu ndi kununkha. Litsukeni ndi madzi ndi burashi yofewa, ndipo muziimika galimoto pamthunzi, popeza dzuwa la Okutobala limaumitsa nsalu ndi mphira za m'mbali. Kumbuyo kwa mipando kuli timipaipi totulutsa madzi a mvula otsika padenga. Timeneti timatsekeka ndi fumbi ndi masamba, ndipo tikatsekeka madzi amalowa m'kati, kunyowetsa kapeti ndi kuyambitsa dzimbiri. Uzani makaniko wanu atiyeretse dzinja lisanayambe. Mukaimika ku Old Town musasiye chikwama kapena foni pampando, pakuti nsalu siivuta kung'amba ndi mpeni.

Malo a katundu ndi ochepa. Buti ya mtundu umene unatuluka mu 2015 imalowa malita 130, kutanthauza zikwama ziwiri zing'onozing'ono za ulendo wa ku Senga Bay, choncho banja la ana lifunika galimoto ina. Dziwaninso kuti mitundu yotuluka kuyambira mu 2005 imabwera yopanda tayala lapadera, ndipo pamisewu ya maenje muyenera kuyenda ndi pampu yaing'ono ndi zomatira tayala. Zipangizo monga mashoko ndi mphira za denga ziitanitseni zakale zisanatheretu, kuti galimoto isakhale pagalaja kudikira katundu wochokera kunja.