Mmene Mungachepetsere Nkhawa Zinthu Zikathina Muno mu Harare

Ambiri mwa ife amene tikukhala ku Mbare, Mufakose, Mabvuku ndi Epworth timaidziwa nthawi imene nkhawa imakonda kubwera. Ndi pakati pa usiku, magetsi atangoyaka kumene, mwadzuka kuti musite yunifomu ya mwana ndi kutchaja foni, ndiye pobwerera pamphasa tulo tabalalika. Lendi, fizi, ngongole ya kugolosale ndi ndalama zimene achibale akudikira ku Dedza kapena ku Mangochi zimabwera zonse pamodzi ngati zapangana. Anzathu olankhula Chishona amati kufungisisa, ife timati maganizo achuluka, koma vuto lake ndi limodzi.

Yambani ndi thupi, chifukwa munthu amene mtima ukumugunda mwamphamvu sangaganize bwino. Ubongo ukaona zoopsa umachititsa kuti thupi litulutse timadzi ta adrenaline ndi cortisol, timene timafulumizitsa mtima ndi kumangitsa minofu kuti munthu athawe kapena alimbane ndi mdani. Tsoka lake n'lakuti thupi silisiyanitsa galu wolusa ndi uthenga wa alandilodi, choncho limakhala chimangire kwa milungu yambiri mpaka mutu, khosi ndi m'mimba zimayamba kupweteka. Khalani pansi, ikani dzanja pamimba, kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4 kuti dzanjalo likwere, kenako utulutseni pang'onopang'ono ndi pakamwa mukuwerenga mpaka 6. Chitani zimenezi kwa mphindi zisanu. Kutulutsa mpweya mochedwako ndi kumene kumatsitsa kugunda kwa mtima, ndipo mungachite muli mu kombi kapena pamzere wa pa mjigo popanda wina kuzindikira.

Mtima ukakhala m'malo, gwirani maganizowo limodzilimodzi. Pankhani imeneyi mzinda wathu uli ndi njira imene mayiko ena anabwera kudzaphunzira. Mu 2006 Dr Dixon Chibanda, dokotala wa matenda a maganizo, anayambitsa ntchito ya Friendship Bench ku Mbare, imene agogo aakazi ophunzitsidwa bwino amakhala pabenchi pabwalo la chipatala n'kumamvetsera anthu amene maganizo awalemera. Kafukufuku amene anasindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya JAMA mu 2016 anasonyeza kuti patatha miyezi 6, anthu amene anathandizidwa pabenchi anali bwino kwambiri kuposa amene analandira chithandizo cha masiku onse. Agogowo sapereka mankhwala kapena ndalama. Amayamba ndi kutsegula maganizo, kumene amati kuvhura pfungwa, kenako kukweza munthu, ndipo pambuyo pake kumulimbitsa.

Mungachite zofanana ndi zimenezi kunyumba ndi kope ndi cholembera. Lembani mavuto onse amene akukusowetsani mtendere, osabisa ngakhale limene mukuchita nalo manyazi. Mukatero sankhani limodzi lokha, ndipo lisakhale lalikulu kwambiri koma limene mungalikhudze ndi manja anu sabata ino. Tiyerekeze mayi amene amapikula tomato ku Mbare Musika, ndipo pakope lake pali matenda a mwamuna wake, mtengo wa dola, mwana amene wayamba kuchedwa kubwera kunyumba ndi ngongole ya fizi. Za dola sangachitepo kanthu, koma za fizi angalembe njira zitatu: kukapempha kusukulu kuti azilipira pang'onopang'ono, kupempha anzake a chipeleganyu kuti alandire mwezi uno, kapena kugulitsa nkhuku ziwiri. Asankhe njira imodzi ndipo alembe tsiku ndi ola limene adzapite. Ine ndimaona kuti kulemba tsikulo ndiye pagona nkhani, chifukwa vuto limene lapatsidwa tsiku lake limasiya kukudzutsani usiku uliwonse. Chitani ntchitoyi madzulo dzuwa lisanalowe, osati pogona, ndipo maganizo akabwera usiku muziwakumbutsa kuti analembedwa kale.

Kopelo lisakhale mnzanu yekhayo. Mutu umodzi susenza denga, ndipo makolo athu atabwera kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'mafakitale a dziko lino anakhazikitsa mabungwe a maliro ndi mipingo kuti munthu asavutike yekha kutali ndi kwawo. Sankhani munthu mmodzi amene sayendetsa nkhani, kaya ndi mkulu wa mpingo ku CCAP, shehe, azakhali kapena mnzanu wa kukwaya, ndipo muyambe ndi mawu akuti, "Sindikupempha ndalama, ndikungofuna mundimvere." Mawu amenewa amamasula womverayo kuti asaope kuti mwamubweretsera katundu. Abambo ndi amene ndimawadera nkhawa kwambiri, chifukwa amatha kusewera bawo limodzi zaka khumi osauzana kuti ntchito inatha kalekale.

Yendani tsiku lililonse. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la World Health Organization limalangiza akuluakulu kuti azilimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, zomwe ndi theka la ola kwa masiku asanu. Kutsika kombi patali pang'ono n'kumalizitsa wapansi mofulumira, kulima kadimba ka masamba kuseri kwa nyumba kapena kuzungulira ku Harare Gardens nthawi yopuma masana, zonsezi ndi kulimbitsa thupi komwe.

Tulo timafuna mwambo. Munthu wamkulu amafunika kugona maola 7 kapena kuposerapo, choncho muzidzuka nthawi yofanana tsiku lililonse, musamwe tiyi wamphamvu, khofi kapena zakumwa zopatsa mphamvu madzulo, ndipo foni muiike patali ndi mphasa, chifukwa mauthenga a maliro ndi mphekesera za mitengo za m'magulu a WhatsApp zingadikire mpaka kuche. Mowa umaoneka ngati umagonetsa, koma umadula tulo mbandakucha ndipo nkhawa imabwerera itakula. Mutoriro ndi bronco, zozunguza bongo zimene zikuwononga achinyamata m'malokeshoni mwathu, zimawonjezera matenda ena pamwamba pa oyambawo. Idyani pa nthawi yake ngakhale ndiwo zitakhala masamba otendera okha, popeza njala nayo imanjenjemeretsa thupi mofanana ndi mantha.

Njira zonsezi zili ndi malire ake. Ngati kwa milungu iwiri kapena kuposerapo mukulephera kugona, kudya kapena kugwira ntchito, ndipo zimene munkasangalala nazo sizikukukomeraninso, pitani kuchipatala cha m'dera lanu, mufotokozere anesi momwe mukumvera ndi kufunsa ngati pali benchi la agogo. Muwapemphe akuyezeninso BP ndi shuga. Kupweteka kwa pachifuwa ndi kubanika musakutenge ngati nkhawa chabe, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo. Amene muli pa mankhwala a ARV, a BP kapena a matenda a maganizo musawasiye, ndipo musawaphatikize ndi zitsamba musanafunse dokotala. Maganizo ofuna kudzipha akakufikirani, uzani munthu tsiku lomwelo, musakhale nokha, ndipo wina achotse m'nyumba mankhwala a makoswe ndi a mbewu. Mupemphe akuperekezeni ku Parirenyatwa kapena ku Sally Mugabe Central Hospital, kumene kuli madokotala ndi anamwino a matenda a maganizo.