Momwe mungadziwire mtundu wa bakiteriya amene mwamupeza m'dothi

Ophunzira za tizilombo akafika chaka chomaliza amakonda kutumidwa ntchito imodzimodzi: katengeni dothi kapena madzi a pachitsime, mudzatiuze mabakiteriya amene ali mmenemo. Ine ndinatapa dothi m'dimba la tomato m'mbali mwa mtsinje wa Likangala ku Zomba. Ntchito yomwe ndimayesa ya masabata awiri inandidyera asanu, ndipo atatu mwa iwo ndinawataya chifukwa cha silaidi imodzi (kagalasi koonerapo tizilombo pa maikulosikopu). Nayi njira yomwe ndimatsata masiku ano.

Dothi mutape la pansi pang'ono, masentimita 5 mpaka 10, osati la pamwamba lowauka ndi dzuwa. Lembanipo malo ndi tsiku, ndipo lifike ku labu tsiku lomwelo. Za magolovesi ndi kupukuta tebulo ndi sipiriti sindikuuzani, mukudziwa kale.

Konzani nutrient agar (chakudya chomeretserapo mabakiteriya), magalamu 28 pa lita imodzi ya madzi a distilled, muphike mu autoclave (makina ophera tizilombo ndi nthunzi) pa madigiri 121 kwa mphindi 15. Autoclave ikafa, pressure cooker yaikulu imagwira ntchito yomweyo bola ikhale yofika 15 psi, ndipo mphindi muyambe kuwerenga itayamba kulira. Chiyambire pomwe kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, botolo la agar la magalamu 500 silogulika ndi munthu mmodzi, choncho sonkhanani anthu anayi kapena asanu. Pogula ligwedezeni. Ufa wake ukakhala kuti waundana ngati simenti yomwe yagonera mvula, chinyezi chinalowa, lisiyeni ngakhale akutsitsireni mtengo. Palinso ena amene amamata kapepala katsopano pamwamba pa deti lothera ntchito. Kandani ndi chikhadabo.

Sungunulani galamu imodzi ya dothi m'mamililita 9 a madzi a mchere wa 0.85 peresenti, mukhutchumule kwambiri. Tapani mililita imodzi muthire m'chubu chachiwiri, kenako chachitatu, mpaka machubu 6. Kuchokera m'machubu atatu omalizawo, pakani mamililita 0.1 pa puleti iliyonse ya agar, muivundikire chadodolido mu incubator kwa maola 24 mpaka 48. Kutentha kukhale madigiri 28 mpaka 30. Ambiri amangosiya pa 37 chifukwa ndi pomwe apeza, koma kumeneko ndi kutentha kwa thupi la munthu, ndipo mabakiteriya ena a m'dothi sakondwa nako. Puleti imodzi muiikemo yosapakapo kanthu kuti mudziwe ngati zonyansa zikuchokera kwa inu.

Gwiritsani ntchito puleti yomwe ili ndi makoloni (timilu ta mabakiteriya tomera pa agar) pakati pa 30 ndi 300. Sankhani koloni yomwe yakhala payokha, mulembe mtundu wake, kukula kwake, m'mphepete mwake, ndi ngati ili yonyezimira kapena youma. Ikhwekhwerezeni ndi loop (kawaya kotapira) pa puleti yatsopano m'zigawo zinayi, mukuwotcha loop pakati pa chigawo chilichonse. Bwerezani kawiri, ngakhale katatu, mpaka makoloni onse azifanana.

Tsopano tafika pa Gram stain, njira yodayira mabakiteriya pa silaidi kuti muwagawe m'magulu awiri, pomwe ine ndinagwera m'dzenje.

Njirayi anaitulukira Hans Christian Gram wa ku Denmark mu 1884, ndipo papepala ndi yosavuta: crystal violet mphindi imodzi, ayodini mphindi imodzi, alcohol wa 95 peresenti masekondi 10 mpaka 15, safranin masekondi 30 mpaka 60, mukutsuka ndi madzi pakati ponse. Bakiteriya wa khungu lochindikala amagwira utoto wa pepo osautaya, ameneyo ndi Gram-positive. Wa khungu lopyapyala alcohol amamusukulutsa, n'kutenga pinki wa safranin, ameneyo ndi Gram-negative. Mayeso onse otsatira amadalira yankho limeneli.

Puleti yanga ndinaipaka Lachinayi. Kumudzi kunagwa maliro, ndinabwerera Lachiwiri. Ndinapanga silaidi kuchokera pa koloni ya masiku asanuyo, ndipo ndinaipaka mochindikala poganiza kuti ndiona bwino. Poona kuti utoto sukuchoka, ndinapitiriza kuthira alcohol mpaka madontho anayera. Pa maikulosikopu ndinaona mabakiteriya ooneka ngati timitengo tapinki, ndinalemba m'kope kuti Gram-negative, n'kuyamba mayeso a indole, citrate, TSI ndi ena onse za banja la E. coli. Zotsatira zake sizinkagwirizana ndi tebulo lililonse. Pa MacConkey, agar yemwe amameretsa ma Gram-negative n'kukaniza ma Gram-positive, sipanamere kanthu. M'malo modzifunsa, ndinanamizira agar kuti ndi wakale, ndinakapempha wina, ndinabwereza, sipanamerenso.

Amene anandipulumutsa ndi bambo wina wachikulire wogwira ntchito mu labumo. Anangonyamula botolo langa la ayodini n'kuliyang'ana pa windo. "Achimwene, uyu ndi ayodini kapena tiyi wa kumaliro?" Ayodini wa Gram amayenera kukhala wabulauni wakuda. Wanga, yemwe ndinagula motchipa kwa munthu woyenda ndi chikwama, anali atasuluka ngati udzu wouma. Ayodini ndiye amamanga utoto wa pepo m'kati mwa selo, ndiye akafooka ngakhale Gram-positive weniweni amasukuluka. Onjezanipo koloni yokalamba, yomwe khungu la maselo ake layamba kuphwasuka, ndi alcohol wopitirira muyeso. Ndinali nditalakwitsa zonse zitatu pa silaidi imodzi.

Kenako anadonthetsa KOH (mankhwala a potassium hydroxide) wa 3 peresenti pa galasi, anatakasamo koloni kwa pafupifupi mphindi imodzi, n'kukweza loop pang'onopang'ono. Akanakhala Gram-negative, madziwo akanananda ngati therere n'kutuluka kaulusi. Sipanatuluke kanthu. Tinapakanso puleti, ndipo m'mawa mwake timitengo tonse tinali tapepo, tikuluikulu, tolumikizana.

Choncho chitani izi. Koloni ikhale ya maola 18 mpaka 24. Popaka pa silaidi, pakhale popyapyala moti mutha kuwerenga nyuzipepala pansi pake, paume pokha musanadutsitse pa lawi. Alcohol muziwerengera masekondi mokweza, ndipo ngati wanu ndi wosakaniza ndi acetone, masekondi atatu kapena asanu akwana. Pa silaidi yomweyo, mbali ina ikani Staphylococcus aureus, yemwe amadziwika kale kuti ndi Gram-positive, mbali ina E. coli, yemwe ndi Gram-negative. Woyambayo akapanda kutuluka wapepo, vuto lili m'mabotolo anu. Ndipo KOH musamamudumphe, sadya ndalama.

Mukadziwa Gram ndi maonekedwe, zotsalazo zimayenda msanga. Mayeso a catalase: thirani pa bakiteriya wanu dontho la hydrogen peroxide wa 3 peresenti, wa ku famase yemweyu amakwana ngati sanakhalitse chitsegulireni, thovu likatuluka ndiye kuti ali ndi catalase. Mayeso a oxidase, omwe mumaona ngati koloni yasintha mtundu pa mankhwala ake: tapani ndi kamtengo kotokosera m'mano kophikidwa mu autoclave, chifukwa waya wa nichrome umanamiza, ndipo werengani m'masekondi 10. Timitengo ta Gram-positive tokhala ndi catalase, tidayeni ndi utoto wa malachite green muone ngati tili ndi ma spore (timbewu tolimba tomwe bakiteriya amapanga kuti apirire nthawi yovuta). Akakhalapo, muli m'banja la Bacillus. Apa chenjerani: m'banja lomweli muli woyambitsa anthrax, yemwe anapha mvuu ku Liwonde mu 2018. Bacillus wosayenda komanso wosaswa magazi pa blood agar, tsekani puleti muitane akuluakulu, ndipo puleti iliyonse ya zosadziwika musamainunkhize.

Timitengo ta Gram-negative tipite pa MacConkey, kenako mayeso a indole, methyl red, Voges-Proskauer ndi citrate. E. coli amavomera awiri oyambirira n'kukana awiri omaliza, Enterobacter amatembenuza. Amene ali ndi ndalama agule API 20E, kachipangizo kokhala ndi mayeso ambiri pamodzi. Yerekezani ndi matebulo a m'buku la mabakiteriya la Bergey's Manual, koma ndi za m'dothi kawirikawiri mudzathera pa dzina la banja basi.

Kuti mupeze dzina lonse pamafunika kuwerenga jini yotchedwa 16S rRNA: kuichulukitsa ndi njira ya PCR pogwiritsa ntchito ma primer (tizidutswa ta DNA toyambira) 27F ndi 1492R, kutumiza ku South Africa monga tichitira ambiri, kenako kuyerekeza zotsatira ndi za mabakiteriya odziwika kale pa BLAST pa intaneti. Musanatumize, sungani bakiteriya wanu mu glycerol wa 20 peresenti m'mafiriji awiri osiyana, poti magetsi athu mukuwadziwa. Wanga anabwera ndi dzina loti Priestia megaterium. Aphunzitsi anga anakana kuti sanamvepo za iyeyo, mpaka tinapeza kuti ndi Bacillus megaterium yemwe uja, anangomusintha dzina mu 2020.