Momwe mungapangire kangolo kosungirapo mgolo wa mafuta pansi pa kauntala

Shopu yanga ya pa Kamwendo ndi yaing'ono, yoti munthu ukaima pakati n'kutambasula manja umakhudza mashelefu mbali zonse ziwiri. Nditasiya kupikula mafuta ophikira a m'zigubu za malita 20 n'kuyamba kutenga a mgolo, mgolowo unasowa pokhala. Pakhomo unkatseka njira, pakhonde unkawombedwa ndi dzuwa, pomwe mafuta akakhalitsa padzuwa amayamba fungo lachilendo. Malo amene ankangokhala anali pansi pa kauntala, pomwe pankagona makatoni akale ndi makoswe. Funso linali lakuti chinthu cholemera chonchi uchilowetsa ndi kuchitulutsa bwanji tsiku ndi tsiku osathyoka msana. Yankho ndi kangolo kachitsulo ka matayala anayi.

Yambani ndi tepi yoyezera, musanagule chilichonse. Mgolo wachitsulo wa malita 200 umatalika pafupifupi masentimita 88, ndipo m'mimba mwake ndi pafupifupi 58. Ya pulasitiki yabuluu ija imasiyanasiyana, ina ndi yotalikirapo, ndiye yezani wanuwo, musadalire za mnzanu. Pa msinkhu wa mgolo onjezerani masentimita 13 kapena 14 a matayala ndi chitsulo, kenaka ena 5 oti dzanja lizilowa pamwamba. Kauntala yanga inapelewera pang'ono, kalipentala anaikweza poika matabwa awiri pansi pake, nkhani n'kutha.

Za mgolo weniweniwo ndinenepo mawu awiri. Kuno kwathu n'kwa alimi a fodya, soya ndi mtedza, ndipo migolo ina yomwe imagulitsidwa m'misika inasungapo mankhwala. Wogulitsa akuuzani kuti munali juwisi, chifukwa kwa iye mgolo uliwonse munali juwisi. Pulasitiki imamwa mankhwala, kutsuka ndi sopo sikuchotsa. Tengani mgolo kwa amene amakugulitsani mafutawo, womwe mukudziwa kuti munali mafuta ophikira basi. Ndipo mgolo womwe munali petulo kapena palafini musalole munthu aliyense kuudula kapena kuuwotcherera, ngakhale ukuoneka wouma, chifukwa mpweya wotsalira mkatimo umaphulika.

Chitsulo chake ndi chija amachitcha angle iron, chopindika ngati chilembo cha L, cha mamilimita 40 kwa 40, chochindikala mamilimita 4. Amagulitsa chotalika mamita 6, ndipo chimodzi chikukwanirani. Uzani amisili owotcherera adule zidutswa zinayi apange bwalo la ngodya zinayi, mkati mwake masentimita 60 mbali zonse, mlomo wa chitsulo utayang'ana kumwamba kuti mgolo ukhale ngati uli m'mbale, usaterereke. Pansi pake apingase zidutswa ziwiri. Ukamagula chitsulo m'mahadiweya ena umauzidwa kuti ndi cha mamilimita 4 koma chili cha 3, mtengo womwewo. Pitani ndi amisili anu, iwo amachidziwa pongochinyamula. Mitengo sindilemba pano, chifukwa chigwetsereni kwacha mu Novembala 2023 mtengo wa chitsulo sukhala malo amodzi. Funsani malo atatu, ndipo ngati muli ndi ulendo wa ku Lilongwe kayerekezeni ndi kumeneko, koma muwerengere ndi ndalama yonyamulira chitsulo cha mamita 6 pa msewu wa M12.

Tsopano matayala. Apa ndi pamene ndinalira, ndiye mundilole ndichedwepo.

Lita imodzi ya mafuta ophikira imalemera pafupifupi magalamu 920. Malita 200 ndi makilogalamu 184, kuphatikizapo mgolo ndi kangolo zikupitirira 200. Amenewo ndi matumba anayi a feteleza ataunjikidwa pamalo amodzi. Ine masamu amenewa sindinachite. Ndinagula timatayala takuda tapulasitiki, tonga tomwe amaika pansi pa tebulo la TV, kwa mnyamata wina woyala katundu pansi tsiku la msika. Ndinamufunsa ngati tipirire, iye n'kuti, "Bwana, awa ndi orijino, ngakhale ng'ombe anyamula." Tonse tinayi tinali totembenuka mbali zonse, ndipo ine ndinkaona ngati ndiye ubwino wake.

Masabata awiri oyamba zinkayenda. Kenaka timatayala tija tinayamba kuphwatalala mbali yomwe tinkagonera usiku wonse, moti m'mawa kangolo kankachita kufuna kukankhidwa ndi bondo. Vuto lina ndinalizindikira mochedwa. Tayala lotembenuka, ukalikankhira kutsogolo kenaka n'kulikokera kumbuyo, limayamba lazungulira kaye, ndipo pozungulirapo limakankhira ngolo yonse cham'mbali. Panja palibe kanthu, koma pansi pa kauntala pomwe mpata ndi wa zala ziwiri, kangolo kamakakamira ku thabwa. Tsiku lina Loweruka, anthu atadzaza pawindo ndi mabotolo awo, kanakakamira. Ndinakoka mwaukali. Tayala limodzi lakutsogolo linapindika khosi, ngodya imeneyo inagwa pansi, mgolo n'kupendekera kwa ine. Chivindikiro ndinali nditangochikhazika osamanga bwino. Mmene timauimika ndi mwana wa mlongo wanga, mafuta okwana ndowa anali atayenderera mpaka kunsi kwa matumba a shuga. Mayi akunyumba anangoima pakhomo n'kunena kuti, "Abambo, lero mwakolopa ndi phindu la mwezi wonse." Utuchi wa kwa kalipentala ndi umene unatithandiza, koma pansipo panaterera sabata yathunthu.

Ndiye chitani izi. Kulemera konse gawani patatu, osati panayi, chifukwa simenti ya m'mashopu mwathu siikhala yosalala ndipo nthawi zambiri tayala limodzi limakhala lili m'malere, atatu ndi amene akusenza. Tayala lililonse likhale lolembedwa kuti limanyamula makilogalamu 100 kapena kuposa. Ngati palibe polembedwa, lisiyeni. Likhale lalikulu masentimita 10, la nayiloni yolimba kapena lachitsulo, lokhala ndi mabering'i, lomangira pa chitsulo chafulati cha mabowo anayi osati la kamtengo kamodzi. Labala wofewa amaphwatalala, komanso sagwirizana ndi mafuta. Ndipo onse anayi akhale osatembenuka. Kangoloka kalibe ulendo wina, n'kongotuluka ndi kulowa. Matayalawo amangidwe ndi mabawuti, asawotcherere, kuti lina likadzatha mudzangomasula. Amisili ena amakonda kuwotcherera chifukwa n'zachangu, ndipo moto umaumitsa girizi wa m'mabering'i. Muwauze mwaulemu koma muimirire pomwepo mpaka aboole mabowo.

Chinanso pa matayala omwewa: ayang'ane njira imodzi ndendende. Musanamange manati mpaka kumapeto, kankhani kangolo kopanda kanthu pa simenti muone ngati kakuyenda mowongoka. Kakamakhota, masulani mukonze. Mgolo ukakwera simudzathanso kukonza.

Pansi pa kauntala ikanipo levulo. Ngati pakutsetsereka cha kumene mumaima, kangolo kazidzatuluka kokha, ndipo makilogalamu 200 akakupezani pachala simudzaiwala. Ine ndinathira simenti pang'ono kuti pafanane, n'kudikira masiku angapo iume. Zidutswa ziwiri za chitsulo chotsala ndinazikhomera pansi ngati njanji, m'mbali mwa matayala, koma zongolekeza pomwe kauntala yathera. Zikatulukira kunja muzipunthwa nazo. Kumapeto kwake ikani thabwa loti kangolo kazigunda, kasaboole kutsogolo kwa kauntala.

Zotsalazi n'zosavuta. Chogwirira awotcherere kutsogolo, kapena mangani chingwe cholimba. Pakani penti ya red oxide chifukwa cha dzimbiri. Kamtengo kosema kopyapyala mbali imodzi kokhomera kunsi kwa tayala kakwanira kukhala buleki. Pokweza mgolo wodzaza pamafunika thabwa lochindikala ndi amuna atatu kapena anayi, koma ine masiku ano ndimasiya mgolo wanga pakangolo pomwepo, wobwera nawo uja n'kupopera mafuta m'menemo.

Pampu yopukusa ndi dzanja imalowa pa bowo lalikulu la mainchesi awiri, koma ikakhala pamgolo siikwana pansi pa kauntala. Ndimakoka kangolo m'mawa, kudzaza ndowa ya malita 20 yokhala ndi kampopi, kuchotsa pampu, kumanga chivindikiro mpaka chilimbe, n'kubwezera mgolo m'malo mwake. Pampu ndimaikulunga m'jumbo yoyera n'kuipachika pamsomali. Tsiku la msika ndimakoka kawiri. Amene mumagulitsanso palafini, mgolo wake ukhale kwina ndi pampu yakeyake, chifukwa mafuta ophikira amatenga fungo msanga ndipo amayi a mandasi akalimva kamodzi sabweranso. Girizi m'matayala ndimapaka ndikakumbukira.