Njuchi zaunjikana pa nthambi? Musazitenthe, zilowetseni mu mng'oma

Kuno ku Kasungu mitengo ikayamba maluwa cha mu Ogasiti mpaka Okutobala, njuchi zimagawana, gulu lina limachoka ndi mfumukazi yakale n'kukalendewera pa mango kapena pa tsindwi la chigafa. Ambiri amathamangira moto, koma njuchi zimenezi n'zaulere ndipo sizilusa kwenikweni chifukwa zimanyamuka zitakhuta uchi komanso zilibe ana oti ziteteze. Komabe valani, izi ndi njuchi zathu zomwezi: ovolosi, jombo, magolovesi ndi neti kumaso. Ana ndi mbuzi zikhale kutali.

Yambani ndi mng'oma. Ukhale wouma, opanda nyerere, ndipo pakani phula la njuchi mkati ndi pansi pa timatabwa tapamwamba tomwe njuchi zimamangapo zisa (mu mng'oma wamatabwa wotchedwa Kenya top bar timakhala mamilimita 32 mulifupi). Wopanda phula atikite masamba a lemongrass, fungo lake zimalikonda.

Kenako yalani chiguduli pansi, gwirizani katoni kunsi kwa gululo, muwazeko timadzi pang'ono kuti zisauluke. Koma chonde osatenga sipuleya ya mankhwala a fodya ija, muzipha zonse. Gwedezani nthambi kamodzi mwamphamvu, osati monyengerera ayi, zigwere mu katoni zonse pamodzi, ndiye muvundikire katoniyo pa chiguduli mutatsamiritsa mbali imodzi pa kamwala kuti zotsala zizilowa.

Apa nkhani yonse ndi mfumukazi. Simufunika kuiona ndi maso. Mukaona njuchi zaima pakhomo zitakweza matako zikukupiza mapiko, ndiye kuti ili mkati ndipo zikuitana zinzake ndi fungo. Zikayamba kubwerera pa nthambi, mwaiphonya, dikirani ziunjikanenso mugwedeze kachiwiri, palibe kuchitira mwina.

Dzuwa likalowa mangani katoni ndi chiguduli chija, pitani nazo pa mng'oma, chotsani timatabwa tingapo, khuthulani n'kutseka msanga. Ngati mnzanu ali ndi chisa chokhala ndi ana a njuchi mupempheni mumangirire mkatimo, chifukwa njuchi zathuzi kuthawa sizichedwa koma ana sizisiya wamba.

Mng'oma upachikeni ndi waya pamthunzi, wayayo mupake girizi kuopa linthumbu, ndipo amene muli kufupi ndi paki ya nyama zakutchire muukweze ndithu chifukwa cha chiuli. Madzi akhale pafupi. Musatsegule mpaka patatha masabata awiri, muzingoyang'ana pakhomo ngati zikulowa ndi mungu kumiyendo.