Funsani Ophunzira Musanaphunzitse za Nyengo

Aphunzitsi anzanga a sayansi, musanayambe mutu wa nyengo, uzani ophunzira kuti alembe pakapepala, popanda dzina, chifukwa chake kuno ku Mzuzu kumazizira kwambiri mu Juni ndi Julayi. Ambiri adzalemba kuti dziko limakhala litatalikirana ndi dzuwa. Musafulumire kuwatsutsa, pakuti n'zoonadi kuti kumayambiriro kwa Julayi dziko limakhala kutali kwambiri ndi dzuwa. Afunseni kuti nanga bwanji ku London kumatentha mwezi womwewo. Kenako tengani lalanje ndi tochi, mulipendeketse monga dziko lapendekera pa madigiri 23.5, aone mmene kuwala kumafikira mopendekeka kum'mwera. Njirayi imathandiza chifukwa funso la London limawachititsa kukayikira okha yankho lawo musanawapatse lolondola.