Kulumikiza bokosi la magetsi m'galimoto yogonamo

Ku Britain ndi kumayiko ena a ku Ulaya anthu amagula galimoto zonyamula katundu monga Ford Transit, VW Transporter kapena Mercedes Sprinter, n'kuikamo bedi, kafiliji, nyali ndi mpopi wa madzi, basi yasanduka kanyumba koyenda nako. Ku South Africa ambiri amachita zomwezi ndi galimoto zazikulu zopita nazo kutchire. Matabwa ndi nsalu aliyense amatha kukhoma. Pamene pamagwa ambiri ndi pa bokosi lomwe limalandira magetsi, kutchaja batire ndi kugawa mphamvu ku zipangizo zonse. Malangizo awa ndi a inu amene mwagula bokosi lotere, kaya la kampani ya Sargent, la CBE, kapena mukusonkhanitsa nokha zida za kampani ya Victron, ndipo mwaima ndi mawaya m'manja.

Choyamba dziwani kuti m'bokosimo muli magetsi amitundu iwiri, ndipo iliyonse ili ndi kaphedwe kake. A 230V, ofanana ndi a m'nyumba, amalowa mukalumikiza galimoto pamalo ogonapo alendo. Awa amagwira munthu n'kumupha. A 12V ochokera ku batire sagwira, ndiye anthu amawaderera. Koma batire ikachita shoti imatulutsa ma amp mazanamazana, waya amafiira ngati khala, pulasitiki n'kuyaka kuseri kwa matabwa kumene simukuona. Ndaonapo sipanala itawotchereka pamitu ya batire chifukwa mwini wake anaigoneka pamwamba. Vulaninso mphete ndi wotchi musanayambe.

Musagule waya musanakhale pansi ndi pepala. Lembani chilichonse chimene chidzadye magetsi ndi maola ake. Mwachitsanzo, filiji yokoka ma amp 4 imene injini yake imazungulira maola 8 pa tsiku yadya 32Ah (Ah ndi ma amp kuchulukitsa ndi maola, muyezo wa mphamvu imene batire imasunga). Nyali za LED za amp imodzi kwa maola 4 ndi 4Ah. Onjezani mafoni ndi pampu, mwafika cha pa 40Ah. Batire ya mtovu, kuphatikizapo yomata yosathira madzi yotchedwa AGM, siyenera kutsika kupyola theka, choncho ya 100Ah ikupatsani 50Ah zokha. Ya lithiamu ya mtundu wa LiFePO4 mutha kuikama kwambiri kuposa pamenepo, ndipo ndi yopepuka, koma ili ndi malamulo ake omwe tiwaone kutsogoloku. Papepala lomwelo jambulani pamene pakhale batire, bokosi ndi njira ya waya aliyense. Batire ndi bokosi zikhale moyandikana momwe mungathere.

Tsopano nkhani ya fyuzi, imene ndikufuna muimve bwino kuposa zonse. Fyuzi imateteza waya, osati filiji kapena wailesi. Ntchito yake ndi kufa waya asanapse. Chifukwa chake waya aliyense wa pozitivi wochoka pa batire akhale ndi fyuzi pafupi penipeni ndi mutu wa batireyo, osapitirira kutalika kwa chikhatho chanu ngati malo alola. Mukaika fyuzi kumapeto, pafupi ndi bokosi, ndiye kuti waya yense wapakatiyo ali pambalambanda; akangokhudzana ndi chitsulo cha galimoto, palibe chomuimitsa. Ndipo waya wolumikiza batire ya injini ndi batire ya m'nyumbayo, yachiwiri ija yopatsa mphamvu filiji ndi nyali, amafuna mafyuzi awiri, kuno imodzi uko imodzi, chifukwa moto ukhoza kuchokera mbali iliyonse. Apa ndi pamene ambiri amanyengeka poganiza kuti imodzi yakwana. Kukula kwa fyuzi kupose pang'ono ma amp amene chipangizo chimakoka, koma kusapose amene wayayo angapirire. Fyuzi ikamapsa kawirikawiri, musaike yaikulu kapena kumangapo kawaya ngati momwe ena amachitira m'maminibasi. Ikukuuzani kuti penapake pali vuto, lifufuzeni.

Waya wowonda amaba mphamvu panjira. Pa 230V kutaya volti imodzi si kanthu, koma pa 12V ndi zambiri. Tiyerekeze kuti chaja chikukoka ma amp 30 ndipo batire zatalikirana mamita 5, kupita ndi kubwerera mamita 10. Waya wa 6mm² ataya pafupifupi 0.9V, pamene wa 16mm² ataya cha pa 0.3V yokha. Kusiyana kumeneku ndiko kumachititsa batire kusadzaza ngakhale mwayenda tsiku lonse. Yesetsani kuti zotayika zisapyole 3 pa 100 iliyonse. Ngati mukuika invata, chipangizo chosandutsa 12V kukhala 230V, samalani kwambiri: ya 1000W imakoka ma amp oposa 80 kuchokera ku batire ya 12V, ndiye imafuna waya wonenepa, wamfupi, ndi fyuzi yakeyake. Isadutse m'bokosi logawa magetsi.

Gwiritsani ntchito waya wa tiwaya ting'onoting'ono tambirimbiri mkati wopindika mosavuta. Waya wolimba wa msinga umodzi wa m'makoma a nyumba amathyoka ndi kugwedezeka kwa galimoto. Pamene waya akudutsa pachibowo cha chitsulo ikani kamphira kozungulira, mum'mange kuti asamalendewere, ndipo nsonga zake zipanidwe ndi chopanira chenicheni, osati kuzipota ndi zala n'kukulunga tepi. Waya wa negetivi akhale wonenepa mofanana ndi wa pozitivi. Ngati mukumumangirira kuchitsulo cha galimoto, palani penti mpaka chitsulo chiwale, mangani bawuti yolimba, kenako pakani girizi pang'ono kuti dzimbiri lisalowe.

Batire ya m'nyumbayo imadzazidwa kuchokera kutatu: ku injini, ku magetsi a pamalo ogona, ndi ku sola ngati mwaika. Ku injini ndiko kwasintha kwambiri. Kale kunkakwanira kaswitchi kodziyatsa kokha kamene kamalumikiza mabatire awiri injini ikalira ndipo mphamvu yakwera kupyola 13V, n'kuwalekanitsa injini ikazima kuti m'mawa galimoto idzalire. Pa galimoto zakale njira imeneyi ikugwirabe ntchito. Koma galimoto zambiri za Euro 6 (muyezo wa ku Ulaya wochepetsa utsi), zomwe zinayamba kuchuluka cha m'ma 2015, zili ndi alitaneta, chipangizo cha pa injini chotchaja batire, yolamulidwa ndi kompyuta. Imatsitsa mphamvu mukamayenda pofuna kusunga mafuta, n'kuikweza mwadzidzidzi mukamatsika mtunda kapena kuponda buleki. Kaswitchi kaja kamangotseka ndi kutsegula, batire osadzaza. Mankhwala ake ndi chaja cha DC-DC, chomwe chimalandira mphamvu yosakhazikikayo n'kupatsa batire muyezo woyenera. Ngati batire yanu ndi ya lithiamu, chaja chimenechi n'chofunika ngakhale galimoto ikhale yakale, chifukwa lithiamu imameza ma amp ochuluka moti ikhoza kutenthetsa alitaneta. Mukaika DC-DC, onani m'buku la bokosi lanu ngati lili kale ndi kaswitchi kolumikiza mabatire. Njira ziwirizi zisagwire ntchito limodzi.

Onaninso chaja cha mkati mwa bokosi. Mabokosi ambiri akale anapangidwira batire za mtovu, ndipo sadzaza bwino lithiamu. Inu a ku Britain kumbukirani kuti LiFePO4 siyenera kutchajidwa kukazizira kufika pansi pa 0°C, imaonongeka. Iikeni mkati mofunda, ndipo gulani yokhala ndi chitetezo chodula chaja kukazizira. Batire ya mtovu yothira madzi nayo imatulutsa mpweya wa haidirojeni ikamatchajidwa, womwe umaphulika ndi kamoto kochepa. Ikhale m'bokosi lakelake, lomangidwa kuti lisagubuduke, ndi kapaipi kotulutsa mpweyawo kunja. Isakhale m'kabati imodzi ndi botolo la gasi.

Za sola n'zachidule. Lumikizani chowongolera cha MPPT, chomwe chimakhala pakati pa panelo ndi batire, ku batire poyamba, panelo pambuyo. Pomasula yambani ndi panelo.

Mbali ya 230V ili ndi malamulo olembedwa. Ku Britain ali m'buku la malamulo a kalumikizidwe ka magetsi lotchedwa BS 7671, gawo 721. Magetsi amalowera pa soketi yabuluu ya 16A kunja kwa galimoto, ndipo chinthu choyamba kukumana nacho chikhale RCD ya 30mA, imene imadula magetsi akayamba kudutsa m'thupi la munthu. Mabuleka ake akhale odula mawaya onse awiri, chifukwa m'malo ena ogona ku Ulaya mumapeza waya wamoto ndi mnzake atasinthana. Mitundu yake ndi iyi: wabulawuni ndiye wamoto, wabuluu ndi wobwerera, wobiriwira ndi chikasu ndi wa ethi, ndipo wa ethiyu amangiriridwenso kuchitsulo cha galimoto. Mawaya a 230V asayende mumpaipi umodzi ndi a 12V. Safunsa anadya phula: mbali imeneyi, ngakhale mwalumikiza nokha, aiyese munthu wa magetsi wokhala ndi satifiketi, ndipo izionedwanso pasanathe zaka zitatu. Mukafika pogona, tambasulani chingwe chonse chisakhale chokulungidwa chifukwa chimatentha, lowetsani kugalimoto kaye, kenako kumzati wa magetsi. Malo ena amangopereka 10A kapena 6A, ndiye ketulo ndi hita zikayaka limodzi mudzipeza mumdima.

Tsiku loyatsa koyamba, mafyuzi onse akhale m'thumba. Mawaya onse atamangidwa, tengani mita yoyezera magetsi muone ngati pozitivi ndi negetivi sizinasinthane pofika pabokosi. Mangani negetivi ya batire komaliza. Ikani fyuzi yaikulu, kenako zing'onozing'ono imodziimodzi, mukuyesa chipangizo chilichonse. Batire ya mtovu yodzaza imene yapuma imaonetsa cha pa 12.7V, ikafika 12.1V yatsala theka. Lizani injini, muone manambala akukwera kulowera ku 14.4V ngati chaja chikugwira. Yatsani zonse kwa theka la ola, kenako yendetsani dzanja pa mafyuzi ndi polumikizira pa 12V. Pamene pakutentha ndiye kuti bawuti ndi yolefuka kapena waya wachepa. Lembani dzina pa fyuzi iliyonse, pepala lojambula lija muliike m'kabati pafupi ndi bokosi, ndipo mukayenda masabata angapo mudzakungenso mabawuti onse.